Dischord Records: mafunso ndi mayankho pa mbiri ya kampani yaing'ono ya nyimbo za rock

Munthu akatenga chimbale m'manja, maso amathamangira pa dzina la oimba ndi pa chithunzi cha pachikuto. Kadzina ka kampani imene yatulutsa chimbalecho kamakhala kumbuyo, pansi, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ambirife sitikawerenga n'komwe. Tsamba lino ndi la kadzina kamodzi kotere. Dischord Records inayamba mu 1980 mumzinda wa Washington, D.C., ku America, ndipo patha zaka zoposa 40 ili m'manja mwa anthu awiri omwe aja anaiyambitsa ali anyamata. Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri munthu akangoyamba kumva mbiri yake.

Mukamati kampani "yoima payokha" mukutanthauza chiyani?

Malonda a nyimbo padziko lonse anagwidwa ndi makampani akuluakulu ochepa. Masiku ano atsala atatu: Universal, Sony ndi Warner. Kampani yotere ikakonda gulu loimba, imalipatsa ndalama zoyambira, n'kulipira situdiyo, kudinda zimbale ndi kutsatsa malonda. Koma ndalamazo si mphatso. Zimadulidwa pa gawo la oimba mpaka zitabwerera zonse, ndipo matepi oyambirira, kumene makope onse amachokera, nthawi zambiri amakhala a kampani. Gulu likhoza kumamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, koma m'mabuku a kampani likadali pa ngongole.

Kampani yoima payokha ilibe bwana wotere kumbuyo kwake. Imayendera ndalama zake, imasankha yokha chotulutsa, ikaluza yaluza yokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1980 makampani otere anaphuka ngati bowa: Rough Trade ku London, Factory ku Manchester, SST ku California, Touch and Go imene inadzakhazikika ku Chicago. Dischord ndi ya m'badwo umenewu.

Anaiyambitsa ndani?

Ian MacKaye ndi Jeff Nelson. Awiriwa anadziwana pa sukulu ya sekondale ya Woodrow Wilson ku Washington, ndipo ankaimba limodzi m'gulu lotchedwa Teen Idles, MacKaye pa besi, Nelson pa ng'oma. Woimba mawu anali Nathan Strejcek, pa gitala panali Geordie Grindle. Nyimbo zawo zinali za punk, zazifupi, zaphokoso, zothamanga koopsa. Liwiro limeneli analitengera kwa Bad Brains, gulu la anyamata achikuda a mumzinda womwewo, amene luso lawo linkasiya kukamwa kwa aliyense kuli yasa.

Teen Idles sinakhalitse. Inatha mu Novembala 1980 itaimba pafupifupi chaka chimodzi, MacKaye ali ndi zaka 18. Choncho chimbale choyamba cha Dischord ndi cha gulu limene linali litatha kale, loti silikanayendanso kukachitsatsa. Aliyense wodziwa malonda akanawauza kuti akutaya ndalama m'madzi. Iwo ankafuna chinthu china: kuti pakhale umboni wogwirika woti zimene anachita chaka chimenecho zinachitikadi. Mtima umenewu, wosunga mbiri ya anthu akwanu, ndi umene wayendetsa kampaniyi mpaka lero. Mukaugwira bwino, zambiri za m'munsimu zimamveka zokha.

Anyamata a msinkhu umenewo ndalama anazitenga kuti?

Gululi linali ndi chizolowezi chosagawana ndalama za pakhomo. Akaimba, kangachepe kamene apatsidwa ankakaponya m'kabokosi kakale ka fodya. Pamene gulu linkatha, m'kabokosimo munali madola pafupifupi 600. Akanagawana, aliyense akanapita ndi madola 150, n'kuwadya masiku ochepa, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo anagwirizana zodinditsa makope 1,000 a kachimbale ka mainchi 7, ka nyimbo 8, kotchedwa Minor Disturbance. Anapangananso kuti ndalama zobwera pa malonda ake zisalowe m'thumba la munthu, zidzatulutse chimbale cha gulu lina la anzawo.

Amene anawalozera njira ndi a Skip Groff, mwini sitolo ya zimbale ya Yesterday and Today ku Rockville, m'chigawo cha Maryland, omwenso anali ndi kakampani kawo kotchedwa Limp. Iwowa ndiwo anawatengera ku situdiyo n'kuwatsina khutu za kumene zimbale zimadindidwa.

N'zoona kuti zikuto ankamata okha ndi manja?

N'zoona. Fakitale inawadindira mbale zokha, zakuda zija. Za zikuto sankadziwa kuti amapangitsa kuti. Ndiye anatenga chikuto cha kachimbale kena kamene anali nako, n'kuchimatula mosamala mmene munadutsa guluu, n'kuchiyala kuti aone mmene pepala limodzi limapindidwira mpaka kusanduka kathumba. Analemba mzere motsata m'mbali mwake papepala lalikulu, n'kuikamo zithunzi ndi zilembo, kenako anapita nalo kwa osindikiza wamba kuti awachulukitsire.

Ntchito yeniyeni inayamba atabwera nawo kunyumba mtolo wa mapepalawo. Tangoganizani anyamata atakhala pansi mozungulira. Wina ali ndi sizasi, akudula motsata mzere. Wina akupinda timapiko ta m'mbali. Wina akupaka guluu n'kukanikiza ndi chala mpaka agwire, womaliza akulowetsa mbale ndi kapepala ka mawu a nyimbo. Chikuto chimodzi, chachiwiri, mpaka cha nambala 1,000. Ndipo sanalekere pa chimbale choyamba. MacKaye amati zikuto zimene anapinda chonchi m'zaka zoyambirira zinafika cha m'ma 10,000. Amene ali ndi kope la nthawi imeneyo akusunga chinthu chimene chinadutsa m'manja mwa oimba ake enieni.

Adiresi imene analemba pachikuto inali ya kunyumba kwa makolo a MacKaye, ndipo makalata a ogula ankafikira kumeneko. Mu Okutobala 1981 anyamatawa anachita lendi nyumba ku Arlington, m'chigawo cha Virginia, kungowoloka mtsinje wa Potomac. Nyumbayo, imene anthu amangoitchula kuti Dischord House, inali ofesi, mosungira katundu, mogona komanso mophunzirira nyimbo.

Dzinali limatanthauza chiyani?

Muli mawu awiri a Chingerezi olukana: discord, kusamvana, ndi chord, zingwe zingapo za gitala zikalira pamodzi.

Nanga chizindikiro cha X pa manja chinabwera bwanji?

Mu 1980 Teen Idles inakwera basi ulendo wa ku California. Itafika ku San Francisco, pa malo azisangalalo otchedwa Mabuhay Gardens, eni malo anapeza kuti oimbawo sanafike msinkhu wololedwa kumwa mowa. M'malo mowabweza, anawalemba X wamkulu kuseri kwa dzanja kuti ogulitsa mowa aziwazindikira. Anyamatawo anabwera nayo nzeruyi kwawo n'kukapempha eni 9:30 Club, malo azisangalalo a mu Washington, kuti azichita chimodzimodzi, ana azilowa kudzamvera nyimbo atalembedwa X, wopezeka ndi botolo azithamangitsidwa.

Pachikuto cha Minor Disturbance pali manja awiri opingasa, lililonse lili ndi X. Ndi manja a Alec, mng'ono wake wa MacKaye, amenenso anadzakhala woimba. Mu 1981 gulu latsopano la MacKaye ndi Nelson, Minor Threat, linatulutsa kanyimbo kosakwana mphindi imodzi kotchedwa Straight Edge, ka mnyamata amene sakufuna mankhwala osokoneza bongo. Dzinalo linakula kuposa nyimbo, linasanduka chikoka cha achinyamata m'mayiko ambiri, ena mpaka kumachitira nkhanza anzawo akumwa. MacKaye wakhala akunena kuti ankangofotokoza za moyo wake, sankakhazikitsa chipani. Ngakhale Nelson anakanganapo naye kwambiri pa mawu a nyimbo ina, poopa kuti akumveka ngati malamulo opatsa ena. Chimene anthu a Dischord anagwiritsitsa pa nkhani yonseyi n'chimodzi: zoimbaimba zikhale zoti munthu wa msinkhu uliwonse alowe.

Chimbale choyamba chitatuluka, chinatsatira n'chiyani?

Chachiwiri chinali cha State of Alert, mu 1981. Woimba wake, Henry Garfield, analipira yekha ndi ndalama zimene ankalandira pogulitsa ayisikilimu ku Georgetown, dera la mu Washington. Chaka chomwecho anasamukira ku California kukaimba mu Black Flag, ndipo dziko limamudziwa ndi dzina loti Henry Rollins.

Kenako kunabwera za Minor Threat, Government Issue ndi Youth Brigade, zonse mu 1981. Mu 1982 kunatuluka Flex Your Head, chimbale chachikulu chosonkhanitsa nyimbo 32 za magulu 11. Ena mwa magulu amenewa anatha asanatulutse chimbale chawochawo, moti pakadapanda Dischord bwenzi lero palibe wodziwa kuti ankaimba zotani. Chimbale chilichonse chinkapatsidwa nambala yotsatana, ndipo akathandizana ndi kampani ina ankaika nambala ya theka. Cha gulu la Necros, chotuluka mogwirizana ndi Touch and Go, ndi nambala 4½.

Bwanji imangotulutsa magulu a ku Washington?

Oimba a m'mizinda ina akhala akufunsa funsoli modandaula. Yankho la eni ake silinasinthe: kampaniyi inakhazikitsidwa kuti isunge nyimbo za anthu a mumzindawu ndi madera ouzungulira, ndipo wa kwina ayambitse yake, amuthandiza nzeru. Kupatula zimbale za nambala za theka zija, gulu lodziwika kwambiri lochokera kunja ndi Lungfish ya ku Baltimore, mzinda woyandikana nawo.

Ine ndimaona kuti malire amenewa ndiwo msana wa kampaniyi. Munthu amene mukumana naye mawa ku zoimbaimba, amene mng'ono wake amaimba gulu limodzi ndi mnzanu wapamtima, simungamudyere masuku pamutu n'kugona tulo. Dischord ikanatambasula manja mpaka kutenga magulu a anthu osawadziwa, zambiri zimene imatamandidwa nazo sizikanatheka.

N'chifukwa chiyani zimbale zake zambiri zimamveka ngati za banja limodzi?

Zambiri zinajambulidwa ndi munthu mmodzi, a Don Zientara, mu situdiyo yawo ya Inner Ear ku Arlington. Poyamba situdiyoyo inali m'chipinda cha pansi pa nyumba yawo, ndi makina otha kujambula matiraki anayi okha. Oimba ankapanikizana m'kachipinda momwe ana a m'nyumbamo ankasewereramo, ng'oma ndi magitala pakati pa zidole.

A Zientara sanali munthu wa punk. Anali bambo wapabanja, wamkulu kwa anyamatawo ndi zaka zoposa khumi. Chachikulu chimene anawapatsa ndi ulemu. Kwina ankawaona ngati ana aphokoso ofunika kuwongoledwa, pamene iwo ankatchera maikolofoni n'kujambula gulu monga mmene limamvekera. Mu 1990 situdiyo inasamukira m'nyumba yokulirapo, ndipo inagwira ntchito kumeneko mpaka 2021, boma la Arlington litagula malowo.

Kodi inayamba yatsala pang'ono kugwa?

Inde, ndipo chinkaigwetsa ndi kuchuluka kwa ogula. Zikumveka zachilendo, koma taonani mmene ndalama zimayendera. Out of Step ya Minor Threat itatuluka mu 1983, makope anatha mofulumira. Fakitale yodinda inkafuna ndalama pompopompo, pamene makampani ogawa zimbale m'masitolo ankatenga katundu pa ngongole n'kumalipira patapita miyezi. Chimbale chikamayenda malonda, m'pamenenso dzenje linkakula: anthu akufuna makope ena, ndalama za makope oyamba zisanafike. MacKaye ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, kuphatikizapo m'sitolo ya a Groff ija. Chaka chomwecho Minor Threat inatha, oimba atasiyana maganizo pa za tsogolo la gululo, ndipo kampani inatsala yopanda gulu lake lalikulu. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Amene anawaombola ndi a John Loder a ku Southern Studios ku London, omwe ankagwira kale ntchito ndi gulu la Crass. Iwo ankatha kudinditsa pa ngongole, choncho anasenza udindo wodinda ndi kugawa zimbale za Dischord, anyamatawo n'kutsala ndi ntchito yosankha ndi kujambula nyimbo. Ubalewu unakhala zaka zoposa 20, ndipo a Loder atamwalira mu 2005 unapitirirabe kwa kanthawi.

Akuti sasainirana mapangano ndi oimba. Zimatheka bwanji?

Palibe pepala, palibe loya. Kampani imalipira situdiyo ndi kudinda, ndalama zimenezo zikabwerera, phindu amagawana pakati ndi pakati. Gulu silimangidwa kuti lidzatulutsenso chimbale china kumeneko. Likafuna kuchoka, khomo n'lotsegula. Ndalama za situdiyo zimakhala zochepa dala, kuti ngakhale chimbale chogulidwa ndi anthu masauzande ochepa chithe kubweza zake.

Kwa ogula, anachita chinthu chanzeru kwambiri. Kumbuyo kwa chikuto ankasindikizapo mtengo wogulira chimbalecho kwa iwo mwachindunji, positi yolipiriratu. M'zaka za m'ma 1990 CD inali madola 8, kenako 10, pamene m'masitolo akuluakulu ma CD ankafika madola 15 kapena kuposa. Mwini sitolo akakweza mtengo mopyola, wogula ankangotembenuza chimbale n'kudzionera yekha.

Koma musaganize kuti kugwirana chanza n'kokwanira pakokha. Touch and Go inkayendera dongosolo lomweli, koma gulu la Butthole Surfers linaitengera kukhoti pa nkhani ya zimbale zake zakale, ndipo mu 1999 khoti la apilo linagamula mokomera gululo. SST, imene inatulutsa zimbale zamphamvu zedi m'ma 1980, inadana ndi oimba ake angapo chifukwa cha ndalama. Factory inagwa mu 1992 itamira m'ngongole. Pangano la pakamwa limakhala ndi moyo ngati pali wina wogwira ntchito yotopetsa, yosaoneka, yowerengera makope onse ogulitsidwa n'kutumiza gawo lake kwa aliyense, ngakhale woimba ng'oma wa gulu limene linatha zaka 30 zapitazo. Apa m'pamene pagona ulemu wa Dischord. Anthu amakonda kukamba za kulimba mtima kwake pamaso pa makampani akuluakulu, koma ine chimandigwira mtima kwambiri ndi mabuku ake a ndalama.

Chinachitika n'chiyani mu 1985?

Pofika 1984 zoimbaimba za hardcore, punk yothamanga koopsa ija, zinali zitaipa. Kunkabwera anthu ofuna ndewu, kuvina kunasanduka kugundana ndi kupondana, atsikana ndi anthu ochepa mphamvu n'kumakankhidwira kukhoma. Ambiri amene anayambitsa zinthuzi anagwa ulesi. Koma m'malo mongozisiya, anagwirizana zoyambiranso mwatsopano, ndipo Amy Pickering, amene ankagwira ntchito ku Dischord, anaitcha nyengoyo Revolution Summer, chilimwe cha kusintha zinthu.

Gulu limene linanyamula mzimu wa nyengoyi ndi Rites of Spring, mmene munali Guy Picciotto ndi Brendan Canty. Linaimba pagulu maulendo osakwana 20, koma oliona sanaliiwale. Ukali wa nyimbo unali womwe uja, koma mawu anatembenukira mkati mwa munthu, ku chisoni, chikondi ndi kukumbuka, moti ena mwa omvera ankagwetsa misozi. Panalinso Embrace, Gray Matter ndi Beefeater. Anthu anazitcha nyimbozi emo, dzina limene oimba ake analikana kwamtuwagalu.

Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la achinyamata la Positive Force, lokonza zoimbaimba zothandiza osowa. Achinyamatawa ankasonkhananso kunja kwa ofesi ya kazembe wa South Africa atanyamula ng'oma, zitini ndi chilichonse cholira, n'kumachita phokoso lotsutsa ulamuliro wa tsankho.

Kodi Fugazi ndi imene inalemeretsa kampaniyi?

Kulemeretsa ndi mawu aakulu, koma ndi imene inaipatsa mpweya. Fugazi inaimba koyamba pa 3 Sepitembala 1987 ku Wilson Center, ku Washington. Munali MacKaye, Joe Lally pa besi ndi Canty pa ng'oma, Picciotto n'kulowa posakhalitsa. Zimbale zake, monga Repeater ya 1990, zinagulidwa makope zikwi mazanamazana, ndipo In on the Kill Taker ya 1993 inalowa pa mndandanda wa Billboard wa zimbale 200 zoyenda malonda kwambiri ku America. Zonsezi popanda mavidiyo a pa MTV, kanema woonetsa nyimbo. Phindu la zimbalezi ndi limene linapatsa kampani mphamvu yotulutsa magulu ang'onoang'ono amene sakanabweza ndalama mwamsanga.

Gululi linkayendera mfundo za kampani yake. Pakhomo linkayesetsa kuti pakhale madola 5, malo akhale olola ana kulowa, ndipo silinkagulitsa malaya a dzina lake. Kwawo ku Washington linkaimba mwaulere kapena mothandiza mabungwe. Munthu akayamba kuponda anzake kutsogolo kwa siteji, nyimbo inkaima pakati. MacKaye ankamulankhula munthuyo mwaulemu holo yonse ikumva, akapanda kumva n'kumubwezera madola ake 5, omwe ankakhala okonzeratu mu envelopu, n'kumuonetsa khomo. Ena ankaipidwa nazo, ankati abwera kudzavina, sanabwere kudzalangizidwa. Koma funsani mtsikana wa zaka 15 amene kwa nthawi yoyamba anatha kuima kutsogolo osaopa chigongono cha munthu.

Fugazi inaimba maulendo oposa 1,000 m'mayiko ambiri. Inatulutsa The Argument mu 2001, inaimba komaliza ku London mu Novembala 2002, ndipo kuchokera pamenepo ili pa tchuthi chimene sichinathe mpaka lero.

Makampani akuluakulu sanayese kuigula?

Anayesa, makamaka gulu la Nirvana litaphulika ndi chimbale chake cha Nevermind mu 1991. Woimba ng'oma wa Nirvana, Dave Grohl, anachokera mu Scream, gulu la Dischord, ndipo mwadzidzidzi aliyense wa ndalama anayamba kusakasaka m'makona momwe kale sankapondamo. Sub Pop ya ku Seattle inagulitsa magawo 49 pa 100 aliwonse kwa Warner. Fugazi inakana onse amene anaiyendera, ndipo Dischord sinagulitse ngakhale kagawo.

Magulu awiri anachoka. Jawbox inapita ku Atlantic, Shudder to Think inapita ku Epic, ndipo onse anatulutsa zimbale kumeneko mu 1994. Otsatira ena anawatcha ogulitsa mtundu, koma kampani sinawatsekereze, popeza panalibe pepala lowamanga, ndipo zimbale zawo zakale zinapitiriza kugulitsidwa. Chimene chimandisangalatsa ndi mathero ake. Mu 2009 chimbale chija Jawbox inajambulira Atlantic chinatulukanso kachiwiri, ulendo uno kudzera ku Dischord mogwirizana ndi DeSoto, kampani ya oimba a Jawbox eni ake. Mwana anabwerera pakhomo, ndipo anapeza pali potsegula.

Palibe choidzudzula?

Chilipo, ndipo kuikonda sikutanthauza kubisa. Choyamba, kusatsatsa malonda mwamphamvu kumakomera gulu lotchuka kale. Gulu laling'ono limene likufuna kuti nyimbo zikhale ntchito yodyetsa banja limafika pena n'kuona kuti denga latsika. Oimba ambiri a Dischord ankagwira ntchito zina masana, ndipo amene anachoka sanachoke chifukwa cha dyera lokha.

Chachiwiri, zaka zoyambirira zinali za anyamata. Akazi analipo kuyambira pachiyambi, akujambula zithunzi, kukonza zoimbaimba ndi kuyendetsa ofesi, koma pa siteji anali owerengeka. Zinayamba kusintha ndi Fire Party, gulu la akazi okhaokha la Amy Pickering, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kenako Autoclave ndi Slant 6.

Chachitatu, mu 1980 anthu 7 mwa 10 aliwonse a mu Washington anali achikuda, ndipo nyimbo yeniyeni ya m'misewu ya mzindawu inali go-go ya Chuck Brown ndi Trouble Funk. Oimba achikuda analimo m'magulu ngati Scream, Void ndi Beefeater, ndipo Minor Threat inaimba komaliza pa siteji imodzi ndi Trouble Funk, koma mndandanda wa Dischord ndi chithunzi cha kagawo ka mzindawu, si mzinda wonse.

Nanga zinatani ndi Nike, kampani ya nsapato?

Mu 2005 Nike inatulutsa chithunzi chotsatsira ulendo wa anyamata ake a skateboard, chotengera ndendende chikuto cha chimbale choyamba cha Minor Threat, chija cha mnyamata wometa mpala atakhala pansi, mutu ataweramitsira pa mawondo. Dzina analisintha pang'ono kukhala Major Threat. Sanapemphe chilolezo. Dischord inadandaula poyera, otsatira anakwiya, ndipo pasanathe masiku ambiri Nike inapepesa n'kuchotsa chithunzicho. Mnyamata wa pachikuto choyambiriracho ndi Alec yemwe uja wa manja a X.

Intaneti itabwera, kampaniyi inapulumuka bwanji?

Malonda a ma CD atagwa, makampani amene anazolowera maofesi aakulu ndi antchito ambirimbiri anavutika koopsa. Dischord inali yaing'ono kale, antchito ake ndi owerengeka pa zala, ndipo zimbale zake zakale zimagulidwabe chaka ndi chaka ndi achinyamata amene angozitulukira kumene. Inachepetsa zotulutsa zatsopano n'kuika mphamvu pa kusamala zakale, kukonzanso matepi ndi kudindanso mbale.

Apa mtima wosunga mbiri uja unabala zipatso. Mu 2002 inatulutsa bokosi la ma CD atatu lokumbukira zaka 20, lokhala ndi magulu 50. Fugazi inali ndi chizolowezi chojambula zoimbaimba zake, ndipo matepi oposa 800 anasungidwa. Kuyambira mu 2011 anayamba kuikidwa pa intaneti, tepi iliyonse ndi tsiku lake, mzinda wake ndi malo ake, pa mtengo wa madola 5, wosowa n'kuloledwa kupereka zochepa. Munthu amene anapita ku zoimbaimba zina ali mwana akhoza kupeza usiku womwewo n'kuumvanso. Mu 2016 zimbale za kampaniyi zinaikidwa pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti lomvetserapo ndi kugulirapo nyimbo.

Ikugwirabe ntchito? Ndipo woyamba kumene ayambire pati?

Ikugwira. Nelson anasamukira ku Toledo, m'chigawo cha Ohio, mu 2003, koma akadali mwini wake limodzi ndi MacKaye. Mu 2018 kunatuluka chimbale cha Messthetics, gulu la Lally ndi Canty, ndipo mu 2020 cha Coriky, mmene muli MacKaye, Lally ndi Amy Farina.

Woyamba kumene ndingamuuze kuti atenge 13 Songs ya Fugazi, chifukwa ndi imene imalowa m'khutu mosavuta. Akafuna kumva ukali wa pachiyambi, nyimbo za Minor Threat zinakwana pa CD imodzi yosafika ola limodzi. Wofuna za mumtima apite ku Rites of Spring, ndipo woleza mtima, wokonda nyimbo yozungulira pamalo amodzi mpaka imugwire, ayese Lungfish. Amene akufuna kubwerera kuchiyambi kwenikweni afunefune nambala 200 pa mndandanda wa kampaniyi. Nambala imeneyi anaipereka kwa bokosi lodindanso tizimbale tisanu ndi kamodzi toyambirira ta mainchi 7, ndipo koyamba mwa ito ndi kaja ka Teen Idles, ka madola 600 a m'kabokosi ka fodya.